Chipepeso kwa oimba a ku Iceland

M'zaka zimene ndinkaimika magalimoto a anthu pansi pa nyumba ina yosanja ku Silver Spring, kudziko la azungu, ndinali munthu wophunzira kwambiri. Umboni wake unali khadi la ku laibulale. Sukulu ndinalekezera Folomu 2, koma m'kachipinda kolandirira makiyi ndinkawerenga chilichonse: za nyenyezi, za kuweta njuchi, ngakhale magazini oti eni ake anawataya kalekale.

M'magazini otero ndi mmene ndinakumana ndi gulu lina loimba la ku Iceland, dziko limene ndinachita kukalifufuza pa mapu. Ndinabwereka chimbale chawo ku laibulale. Zinali nyimbo za makina, kugunda kumodzimodzi ngati chigayo cha dizilo, pamwamba pake mawu a mtsikana ozizira ngati madzi a mumtsuko. Pachikuto panali anthu asanu ndi anayi, onse osamwetulira. Ndinawakonda zedi. Anzanga a m'nyumba, ndikangoika chimbalecho, ankapita kukaona ngati firiji yaonongeka.

Apo n'kuti nditafunsira mayi wina wa ku Zomba amene ankasamalira nkhalamba ku Manassas. Anandiyankha kuti akuganiza. Anaganiza chisanu chonse, mitengo n'kuphukanso, iye akuganizabe. Galimoto ndinalibe, ngakhale ndinkayendetsa a eni tsiku lonse. Chuma changa chinali m'mutu, ndipo ndinafuna kuti achione. Nditamva kuti gulu lija lidzaimba Loweruka masana m'sitolo ina ya zimbale mumzinda wa DC, ndinati mwayi suposa apa.

M'sitima ndinamuphunzitsa mokwanira. Ndinatulutsa chikuto chija, n'kumamulozera mmodzimmodzi: uyu amaimba, uyu amajambula, uyu amasamala makina. Iye ankangoti, "Kodi? Mumadziwatu zinthu, achimwene." Ndinkamva ngati ndatalika.

Titalowa m'sitolomo tinapeza amuna atatu kuseri kwa tebulo lodzaza mawaya, atawerama ngati matelala a pakhonde. Mtsikana panalibe.

"Achimwene, si munati alipo naini?"

"Eya."

"Nanga enawo ali kuti?"

Sindinkadziwa. Magazini anga anali akale kuposa nsapato zanga. Koma munthu wophunzira sanena kuti sadziwa. Ndinangopukusa mutu pang'onopang'ono, n'kuusa moyo.

Tsono zaka zimenezo kwathu, gulu loimba likachepa, palibe ankafunsa kuti enawo apita kuti. Kwaya, timu ya mpira, aphunzitsi a pasukulu, zonse zinkachepa m'njira imodzi. Foni yochokera kumudzi ikalira, unkayamba wakhala pansi usanayankhe. Mayiyu anali atataya alongo ake awiri ali kuno, osaona ndi bokosi lomwe.

"Mayo ine," anatero. "Ndi kamtsikana komwe?"

Ndinausanso moyo. Pofika apa ndinali nditazolowera.

Nyimbo zinayamba. Azungu ankagwedeza mitu, ena kudumphadumpha. Iye anaima chilili, manja pachifuwa, akuwayang'ana mwaukali ovinawo.

"Anthu opanda chisoni," anandinong'oneza. "Simukuona anzawo akulephera n'kudzutsa mutu komwe? Nyimbo zake zikuchita kumveka kuti n'zamasiye."

Zitatha, anthu anandanda kuti oimbawo awasainire zimbale. Iye anatsegula chikwama, n'kutulutsa chitenje, n'kumanga pamwamba pa thalauzi.

"Tiyeni tikapepese."

"Achemwali, azungu zimenezi sa..."

"Maliro alibe mzungu. Tingochoka ngati osaleredwa?"

Ndinamutsatira ngati mbuzi yopita kumsika. Atafika patebulo anapinda mawondo, n'kugwira dzanja la wamtali wandevu ndi manja onse awiri. M'Chingerezi chake cha kuntchito, chofatsa, chotonthozera nkhalamba, anawauza kuti tamva za anzawo asanu ndi mmodzi, kuti ifenso kwathu tikuzidziwa zimenezi, ndi kuti alimbe mtima.

Wandevuyo anayang'ana anzake. Kenako anafunsa mwaulemu kuti wamwalira ndani.

Mayi uja anandilanda chikuto n'kuloza. Bamboyo anachiyang'anitsitsa, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Anaika chala pankhope imodziimodzi, monga ndinachitira ine m'sitima, kungoti iye ankadziwa zimene akunena. Uyu akupanga mafilimu. Uyu akuimba payekha. Uyu anangotopa. Uyu tinadya naye posachedwapa, mwina abwereranso, amatero ameneyu. Anati gulu lawo lili ngati basi, ena amatsika, ena amakwera.

"Onse ali moyo?"

"Onse."

"Ndiye anachokeranji?"

"Anafuna."

Anamuthokoza kwambiri chifukwa cha chifundo chake, n'kunena kuti akawauza omwalirawo, akasangalala. Anandisainiranso chikuto cha ku laibulale ndisanamuletse.

Panja mayi uja anamasula chitenje, n'kuchipinda bwinobwino ngati mbendera. Tinakwera sitima yobwerera. Ine ndinkawerenga chikwangwani cha malamulo a pangozi mwachidwi chachikulu, ndikudziwa kuti kuganiza kuja kwatha, ndipo yankho lake ndikulidziwa.

Tikuyandikira potsikira anatembenuka.

"Anthu sikisi mwawapha ndi kupukusa mutu."

"Sindinanene kanthu ine."

"N'chimene ndikunena. Mwandigwaditsa pamaso pa azungu, kupepesa anthu oti akudya nyama kwawo." Anayesa kukwiya, koma pakamwa panamukanika. Anaseka mpaka misozi, ndipo sindinadziwe ngati yonse inali ya kuseka. Atapukuta m'maso anati, "Komatu inu. Eni ake gulu anathawa, woimba anathawa, inu mudakali pomwepo ndi chithunzi chanu. Kaya n'kupusa kaya n'chiyani, koma pabanja pamafunika munthu wotero. Auzeni amalume anu aimbire amalume anga."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu anzeru.

"Ayi, khalani chete. Ndipo musapukuse mutu, mungaphenso ena."