Kanjoka Kamene a Dewitt Sanadyetse

Mayi Oleta Purvis a kunja kwa tauni ya Waycross anayendetsa basi ya ana asukulu mpaka imvi zinachita mbuu, ndipo ankakonda kunena kuti munthu wopirira phokoso la ana amenewo, njoka singamuchititse mantha. Amuna awo atamwalira, mwana wawo n'kukwatiwa ku Savannah, chipinda cha mwanayo chinadzaza mabokosi apulasitiki mpaka kudenga. M'bokosi lililonse munali njoka ya m'nkhokwe, ya mtundu wa zofiira zija zopanda ululu, zosaka mbewa m'chimanga. Mufiriji mbali ina munali mtedza wowiritsa, mbali ina tiana ta mbewa, moti amayi a kutchalitchi anasiya msanga khalidwe lotsegula mafiriji a eni ake.

Pa njoka zonsezo, mtima wawo unali pa kamodzi kotchedwa Batani. Anzake oswa nako tsiku limodzi anali atafika ngati mpini wa tsache, koma iko kanangolekera pa msinkhu wochokera pachigongono kufika kuzala. Sikanali kodwala ayi. Kankadya, kankafundula bwinobwino, kathupi kali see, kungoti kukula kanakana. Mayi Oleta ankakhulupirira kuti ufupi umenewu ndi wakumtundu, chinthu chimene woweta wina aliyense anali asanachionepo.

Koma kwa oweta njoka pakamwa sipagula kanthu. Ukati wapeza mtundu watsopano amangokuyankha kuti, ibereke tione. Ana akatuluka otengera, ndiye kuti wapambana, ndipo dzina la mtunduwo umatcha ndiwe. Vuto linali lakuti Batani anali wamkazi. Dzira la njoka zimenezi silichepa chifukwa choti mayi wake ndi wochepa, ndipo likakakamira m'mimba njoka imafa ukuona. Mayi Oleta anaziwonapo kamodzi, ndipo sankafuna n'kuzikumbukira komwe.

Chowawa kwambiri n'chakuti kamphongo kake kanalipo. Chaka chimene Batani anaswa, njoka yaikulu yotchedwa Maybelle inatulutsa tating'ono tiwiri, Batani ndi kamphongoko. Kamphongoko kanakana kudya, ndipo mwa chizolowezi cha oweta, kanjoka kokana kudya amakapereka kwa mnzawo wosunga njoka yakuda ija yomeza njoka zinzake. Mayi Oleta anakaika m'chigoba cha majarini n'kukapereka kwa alamu awo a Dewitt, mkulu wa malemu amuna awo, chimunthu cholowa pakhomo chammbali, amene ankasunga njoka yoteroyo. Akakumbukira zimenezi ankadziluma chala.

A Dewitt ankabwera Lamlungu lililonse masana kudzamwa tiyi wozizira pakhonde, komanso kudzaputa mkangano.

"Alamu, kanjoka aka mukukamana chakudya," ankatero. "Umbombo wanuwu mudzafa nawo."

"Kamadya kuposa inu. Kungoti iko sikasunga pamimba ngati anthu ena."

"Mtundu watsopano wake uti? Ndi kopinimbira basi. Nanenso ndikanaleredwa ndi inu bwenzi ndili ngati chala."

"Bwenzi mpando wangawo ukupumako."

Zinkayenda choncho chaka ndi chaka, mpaka nyengo ina yozizira itatha, nthawi yoti njoka zikumane itakwana. Mayi Oleta anali atatopa ndi kusekedwa ku zionetsero za njoka, kumene anyamata a ndevu zamakono ankayang'ana Batani n'kufunsa kuti waswa liti. Lamlungu limenelo sanabweze chipongwe chilichonse. Batani anali atadzikulunga padzanja pawo ngati chibangili.

"Mawa ndikaika ndi mphongo," anatero mayi Oleta. "Ndasankha yochepetsetsa imene ndili nayo."

A Dewitt anaika tambula pansi. "Nanga dzira likakakamira?"

"Ndiye ndidzakhala ndakapha ndekha. Mukuganiza kuti sindikudziwa? Ndikuopa, alamu, mpaka chakudya sichikutsika. Koma ndakalamba, ndipo kamphongo kaja ndinakakupatsani ndi manja angawa."

Bambo aja anapukuta thukuta m'khosi, anayang'ana kumsewu, kenako anadzuka n'kukwera kalole kawo osatsanzika, tiyi atamusiya pakati. Mayi Oleta anadabwa, poti chibadwire munthu ameneyu anali asanasiyepo chinthu cha shuga m'tambula.

Posakhalitsa kalole kanabweranso, kakuyenda pang'onopang'ono ngati kanyamula mkwatibwi. A Dewitt anatsika atakumbatira bokosi lagalasi. M'kati mwake munali kanyumba kamatabwa kopaka utoto, kambale ka madzi ka maluwamaluwa, ndi kanjoka kofiira kofanana ndi Batani ngati madontho a mvula, kali nenepe.

"Ameneyu ndi Sajeni," anatero a Dewitt, maso ali pansi.

Mayi Oleta anayang'ana kanjokako, anayang'ana alamu awo, n'kuyang'ananso kanjokako.

"Dewitt Purvis, zaka zonsezi?"

"Ndinatsegula chigoba chija kuti ndikaponyere njoka yakuda ija, kanandiyang'ana. Ndiye munthu ungatani? Ndinayamba kukanyengerera ndi timichira ta mbewa mpaka kanadya. Kamakhala pafupi ndi wailesi yakanema, timaonera limodzi mpira."

"Ndiye mumabwera pano kudzandinena kuti ndimamana njoka chakudya?"

"Nanga ndikanavomera, si bwenzi mutakaitanitsa? Komanso anzanga a kokasaka agwape akanamva kuti ndimalera kanjoka ka m'chigoba cha majarini, ndikanaloza kuti nkhope?"

Mayi Oleta anaseka mpaka misozi, ndipo pakati pa kusekako misozi ina inali yeniyeni. Mphongo siikira mazira. Sajeni akanakumana ndi Maybelle, mayi wamkulu thupi amene anabereka tonse tiwiri, ndipo ngati ufupiwo unali wa m'magazi, ukanaonekera pa ana a chaka chomwecho popanda kuika Batani pangozi.

"Ndikungokubwerekani," anatero a Dewitt atagwirabe bokosi. "Ndipo madzi ake musamatunge apampopi, sawakonda."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Maybelle anaikira mazira ake bwinobwino, ndipo a Dewitt anayamba kubwera ngakhale Lachitatu, ati kudzaona ngati denga likudontha. M'nyengo yotentha ija yoti malaya amamatirira kumsana, timitu tinayamba kusuzumira m'mazira. Ana ena anatuluka a msinkhu wa nthawi zonse, koma pafupifupi theka anali tating'ono ngati Batani tsiku limene anaswa. Mayi Oleta anatidyetsa mofanana ndi anzawo miyezi yambiri, ndipo tinakana kukula monga ankayembekezera.

Ku chionetsero chotsatira, anyamata a ndevu aja anaunjikana patebulo la mayi Oleta, zipewa zili m'manja. A Dewitt anaima pambali, mimba ili patsogolo, mpaka mmodzi anafunsa dzina la mtundu watsopanowo.

"Ndi Dewitt," anayankha mayi Oleta. "Mwini dzina ndi uyo watseka njirayo."

Anthu anayang'ana tinjokato, anayang'ana chimunthucho, holo yonse n'kufa ndi kuseka. A Dewitt analumbira kuti pakhonde paja sadzapondaponso. Lamlungu lotsatira anafika nthawi yake, atanyamula Sajeni kuti adzacheze ndi mlongo wake, ndipo anapeza Batani ali padzanja la mayi Oleta, wamoyo, asanaikirepo dzira ngakhale limodzi.