Batire limene ndinaswa ndi mwala

Sabata ino ndikulemba nkhope ili pansi, abale anga.

Chaka chatha alamu anga pochokera ku Joni anatisiyira wailesi ndi mabatire anayi otchaja. Akatha mphamvu, abambo a Tadala ankapita nawo pa njinga ku Malosa, kwa mnzawo amene ali ndi magetsi. Mwezi uno mabatirewo atopa. Kutchaja lero, mawa wailesi zii. Ndinawayanika padzuwa monga timachitira, koma sizinathandize.

Lachiwiri ndikuzira pakhonde, ndinakumbuka makala akuda a m'batire, aja timasakaniza ndi dothi kuti pansi pade bwino. Ndinatenga limodzi n'kuliswa ndi mwala. Makala munalibe. Munali tizitsulo topyapyala tokulungakulunga, tonyowa, toterera ngati sopo. Ndinangokankhira pambali n'kupita kuseri kukatenga madzi.

Tadala, mwana wanga wa miyezi khumi, amakwawa. Ndinamva kulira kwachilendo. Ndinam'peza kachitsulo kali m'manja, milomo itafiira psuu.

Kuchipatala anamwino anamutsuka m'kamwa ndi madzi ambiri, kenako ananditembenukira.

"Anaswa ndani batireli, mayi?"

Ndinafuna kunamizira ana a pamudzi, koma ndinangoulula. "Ndinaswa ndine."

"Mumati mupezamo mtedza?"

Amayi ena pabenchi anaseka. Ine ndinangoyang'ana zala za kumapazi.

Anandiuza kuti mabatire otchaja sali ngati enawa. Madzi ake amawotcha thupi, ndipo chitsulo chake ndi poizoni. Osaswa, osaponya pamoto, osataya pafupi ndi chitsime kapena dimba.

Lero ndi tsiku lachitatu Tadala akukana bere. Akangoyamba kuyamwa amalira. Ndikumufinyira mkaka m'kapu n'kumamumwetsa ndi supuni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kwathu wosafunsa ndi ine, koma phula wadya ndi mwana.

Koma kodi ndine ndekha? Tasuzumirani padzala lililonse muno mu Domasi. Mabatire ali mbwee, nkhuku zikupalasa pomwepo. Ena timawasesera pamoto pamodzi ndi zinyalala, akaphulika n'kumaseka.

Atatu otsalawo ndawatsekera m'chitini n'kuika pamwamba pa khoma. Ndinawafunsa anamwino aja kuti ndikawataye kuti. Anangoti, "Ingosungani kaye, mayi."

Kotchajira aliyense amatilozera. Nanga kotaya, atiuza ndani?