Kuseri kwa Chulu

Bambo amene ankatisulira makasu tinawaika m'manda mwezi watha kwathu kuno ku Mongue. Pamaliro, mkulu wa mpingo anawerenga mbiri yawo: anali msilikali pa nthawi ya nkhondo, atabwerako anakhala mmisiri wosula, mowa sankamwa, ndewu sankaidziwa. Zonsezo n'zoona. Koma ine ndinakhala pakati pa amayi anzanga mtima uli m'mwamba, chifukwa pali chimene sichinawerengedwe.

Ndinawadziwa titangobwerera kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Tinapeza mudzi uli tchire lokhalokha, ine ndili ndi ana atatu ndi khasu limodzi long'ambika. Iwo anali atamanga kale chisakasa, akupemerera moto ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi, n'kumasula makasu kuchokera ku zitsulo za magalimoto opserera m'mbali mwa msewu. Khutu lawo lina linali logontha, ndiye polankhula ankakuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa Ruo.

Tsiku limene ndinakatenga khasu langa sanakuwe. Ananong'ona.

"Amayi, munda wa malemu bambo anu uja muzilima mbali ya kumsewu yokha. Kuseri kwa chulu musakapondeko."

"Chifukwa chiyani?"

"Kuli mina ziwiri. Ndinakwirira ndine, atatilamula akuluakulu a tropa, gulu lathu la asilikali lija. Chonde, zithere pompano."

Mina ndi mabomba okwirira pansi aja. Kukampu ndinali nditaona anthu a mwendo umodzi ambiri, choncho panalibe chondifotokozera. Ndinafuna kuwalavulira kumaso. Koma masiku amenewo za nkhondo sitinkafunsana, aliyense ankameza zake.

Patapita zaka kunabwera anthu ochotsa mabomba, n'kumafunsa aliyense wodziwa malo oopsa. Ine ndinatseka pakamwa. Nthawi imeneyo n'kuti bambowo atandiimirira mwana pa ubatizo, tikuitanana kumpadre ndi kumadre. Ndikanawaulula bwanji m'mudzi momwe muli amasiye a mabomba omwewo? Ana anga ndinawanamiza kuti kuseri kwa chulu kuli manda akale. Bodza linagwira ntchito, manda ankawaopa kuposa mmene ankandiopera ine.

Chaka chilichonse pondipatsa khasu ankafunsa kuti, "Mukukumbuka, kumadre?" Ine n'kuyankha kuti ndikukumbuka. Zaka ziwiri zomalizirazi anasiya kufunsa, osandiyang'ananso kumaso. Ndinkangoti ndi ukalamba.

Tsopano mwana wanga woyamba ali ndi banja lalikulu, munda wamuchepera. Maliro atangotha anandiuza kuti anthu akufa saluma, mvula ikangogwa akaswa mphanje kuseri kuja adzalemo chinangwa. Ndinadziwa kuti bodza langa latha mphamvu. Ndinapita kwa mkazi wa malemuwo kuti asadzamve kwa ena. Ndinawapeza pakhonde akupeta nandolo.

"Kumadre, ndabwera ndi nkhani yolemera. Ndi ya munda wathu uja."

"Ya mina?" anatero, osasiya kupeta. "Ndikuidziwa. Inuyo anakuuzani kuti kuseri kwa chulu chiti?"

"Chulu n'chimodzi."

Anaika lichero pansi. "Chaka cha dzana lija bambo anapita kukayang'ana, anabwerako atazizira thupi lonse. Anati pa nthawi ya nkhondo panali chulu chinanso, chaching'ono, pafupi ndi msewu. Chinaphwasuka inu musanabwere. Sankakumbukanso kuti anakwirira kuseri kwa chiti."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Manyazi, kumadre. Ankangoti mawa, mawa."

Ndinakwiya. Ndikuwakwiyirabe ngakhale ali m'manda, ndipo ndikudzikwiyira ndekha kuposa pamenepo. Anali munthu wabwino, makasu awo ndi amene analera ana anga, koma mbali ya kumsewuyo ndi kumene ndakhala ndikulima zaka zonsezi, adzukulu ali pambuyo panga kuponya mbewu m'mapando.

M'mawa mwake ndinapita kwa sekeretariyo wa mudzi n'kunena zonse, osabisa ndi mwini ntchitoyo yemwe. Munda wonse autchinga ndi minga, tikudikira odzaupima, ndipo sitikudziwa kuti adzafika liti. Chaka chino sitilima mbali iliyonse. Mwana wanga sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Amayi, munkadziwa kuti m'mundamo muli mabomba, n'kumatitenga?"