Mbande zimene ndinapereka ndi manja awiri

Mpaka lero ndikadutsa pa geti lakuda lija kumaploti a ku Chongwe, mtima umandiwira. Chondipweteka n'chakuti palibe anandibera. Ndinachita kupereka ndekha, mano onse ali pamtunda ngati chitsiru.

Ndinkalima matimati m'dimba lathu ku Nkomeshya n'kumakagulitsa khomo ndi khomo kwa anthu ogwira ntchito ku Lusaka amene anamanga nyumba zatsopano pafupi ndi boma. Tsiku lina kutchalitchi kunabwera bambo wina wa tayi kudzaphunzitsa amayi za bizinesi. Anati kasitomala ukamuthokoza amabweranso ndi mnzake. Ndinaseka chamumtima, poti ife zimenezo tinazidziwa kalekale, timati mbasela: munthu akagula mulu, umamuwonjezera timatimati tiwiri taulere. Komabe ndinalimbikira, ndipo zinayendadi. Ndinayamba ndi beseni pamutu, chaka chisanathe ndinali ndi njinga yonyamula mabokosi awiri.

Amene anandikweza kwenikweni anali mayi a pa geti lakudalo, ogwira ntchito m'boma, omwe tonse tinkangowaitana kuti ba madamu. Iwowa ndiwo anauza anzawo a mumsewu wonse kuti azigula kwa ine. Ndiye ndinkaona kuti timatimati tiwiri n'tochepa kwa munthu wotere.

Loweruka lina anandiimitsa pakhonde n'kundipempha mbande zoti abzale.

"Amai, matimati yanu siyaola mwamsanga," anatero. "Nifunako tumbande tung'ono nishange kuseli kwa nyumba. Twa bana chabe."

Ndinasangalala kuti ndapeza pothokozera. Ndinazula mbande zonenepa kwambiri panazale yanga, n'kuzikulunga m'saka yonyowa. Mwamuna wanga anandipeza ndikumanga panjinga.

"Iwe, baja bali na thanki ya madzi chaka chonse," anatero. "Ise chitsime chathu chimauma mu Okutobala. Waganiza bwino?"

Ndinamuyankha kuti za bizinesi sazidziwa, azingosamala ng'ombe zake. Mawu amenewo ndimawakumbukira ndi manyazi.

Sindinangopereka mbande ayi. Maloweruka atatu ndinagwada m'dothi la eni ake, kuwaonetsa kutalikirana kwa mapando, kuzika timitengo, kuthyola mphukira zosafunika, ngakhale nthawi yothirira kuti masamba asapse. Nzeru zimene ndinazipeza ndi msana wanga zaka zambirimbiri ndinazikhuthula zonse, iwo ataima pamthunzi akujambula ndi foni.

Twa bana tuja tinakula n'kudzaza ploti yonse. Ba madamu analemba wantchito, nagula mapaipi. Pofika mwezi wa Okutobala chitsime chathu chinauma monga mwa masiku onse, mtsinje wa Chongwe nawo unangotsala mchenga. Ndinakokera timabokosi tanga tomaliza kumsewu uja, ndipo khomo lililonse yankho linali limodzi, loti agula kale: "Tagula kudala kwa ba madamu, amai." Anthu omwewo amene ndinkawadziwa mpaka mayina a ana awo! Ena sanatsegule n'komwe geti, ankangoyankhira mkati.

Ndinalusa koopsa. Ndinalusira ba madamu, ndinalusira bambo wa tayi uja amene sanagwirepo khasu, koma makamaka ndinadzilusira ndekha. Munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, wagalimoto, analimbirana nane chiyani pa matimati? Ine ndiwo anali sopo wanga, ndiwo anali yunifolomu ya ana.

Ananditsalira makasitomala awiri okha, amayi ophika zakudya pamsika wa pa boma. Dimba litaumiratu, ndinaona kuti ndikapita chimanjamanja nawonso andithawa. Kofuna matimati abwino pafupi kunali kumodzi kokha. Ndinakagogoda pa geti lakuda lija kuti ndigule.

Ba madamu anandilandira ndi chimwemwe chenicheni, ndipo n'chimene chinandinyansa kwambiri. Sankaona cholakwa chilichonse. Wantchito wawo anandidzazira bokosi, matimati ofiira bwino, olimba, mtundu wanga womwe uja. Nditamanga panjinga, mayiwo anathamangira m'dimba n'kubwera ndi matimati awiri akuluakulu.

"Iyi ni mbasela, amai," anatero akumwetulira. "Kasitomala afunika kumuyamikila. Ninaphunzila kuli imwe."

Ndinkafuna kuwaphwanyira pa geti pomwepo kuti madzi ake ayenderere pa penti. Koma manja anga anatambasuka okha, onse awiri, bondo linapinda, pakamwa panatuluka zikomo. Ndinatuluka nawo kunja kwa geti. Kenako ndinawaika pamwamba pa bokosi, poti anali aakulu ndipo akanakopa ogula.