Ng'ombe ya Kuseri kwa Polisi

Tsiku lina posachedwapa ndinali pakhonde pano ku Chilumba ndikusankha mpunga, wailesi ili pambali, pamene ndinamva kuti boma likuunikanso malamulo okhudza mphamvu za apolisi pofufuza milandu. Akatswiri a malamulo ankakambirana za kusecha m'nyumba za anthu, za kumvetsera mafoni, za kusunga munthu m'chitokosi. Zonsezo zinkangondidutsa. Koma mayi wina atatchula za katundu amene apolisi amasunga ngati umboni mpaka mlandu utatha, ndinaika lichero pansi. Anati mwina nthawi yakwana yoti katundu wotere azingomujambula n'kumubwezera mwini wake. Ndinayankha wailesiyo mokweza ngati ikundimva: "Munali kuti nthawi yonseyi?"

Ndine mkazi wamasiye wa wapolisi. Kwathu ndi ku Dedza, koma amuna anga anawatumiza kuno ku Karonga ndili ndi mwana mmodzi kumbuyo, magalimoto a ku mgodi wa Kayelekera asanayambe kudutsa mumsewu. Ndinalira m'basi potsetsereka Chiweta, ndipo kutentha kutandilandira ndinaliranso. Polisi yathu inali yaing'ono, kumwera kwa boma lino, nyumba zathu zamalata zili kuseri kwake. Mchere ndi parafini tinkakagula ku Mlare pa njinga. Chitumbuka sindinkachimva, ndipo amayi a pamjigo ankandipatsa moni mwaulemu n'kudikira kuti ndichoke kuti apitirize nkhani zawo. Mkazi wa wapolisi anthu amamupatsa mpando, koma samamuuza kanthu.

Kusungulumwa kwanga kunathetsedwa ndi ng'ombe.

Inali ya mayi wina wachikulire wa m'mudzi wa kumtunda, wamasiye, ndipo inali yokhayo imene amuna awo anawasiyira. Wakuba anaitulutsa m'khola, mlandu n'kugwera amuna anga. Anaulondola ndi mtima wonse, kufunsa ogulitsa nyama, kufunsa abusa, kutsata mapazi m'dambo mpaka nsapato za boma zinang'ambika. Anaipeza itamangidwa pakati pa nthochi za munthu wina, munthuyo n'kumugwira. Pobwera nayo ng'ombe ija ankayenda monyada moti ndinawaseka kuti, "Bambo, mwagwira mkango kodi?"

M'mawa mwake mwini wake anafika akululutira kuchokera kumsewu. Anaiitana ndi dzina lake kamodzi kokha, ng'ombe n'kukoka chingwe mpaka mtengo wa mango umene anaimangako unagwedezeka. Palibe amene akanakayika kuti ndi yawo. Anayamba kumasula mfundo, koma amuna anga anawagwira dzanja mwaulemu.

"Amama, ng'ombeyi ndi yanu, palibe akutsutsa. Koma ndi ekizibiti, umboni wa mlandu. Iyenera kukaonekera kukhoti kaye."

"Kasi yananga vichi, ng'ombe yane?" anafunsa mayiwo, kenaka n'kubwereza m'Chichewa chawo chothyoka. "Yalakwa chiyani? Wakuba ndi uyo, imwe mwamanga ng'ombe?"

"Ndi lamulo, amama. Sizichedwa."

Mawu akuti sizichedwa aja anawatsata amuna anga mpaka kumanda. Wakuba anatuluka pa belo, n'kuwoloka Songwe, mtsinje wa m'malire, osabwereranso. Mlandu unaima kudikira kuti apezeke. Ng'ombe, imene inalibe womuimira belo, inatsala pansi pa mango kuseri kwa polisi.

Boma linaiwala kuti ekizibiti ina imadya. Njinga zakuba ndi mawailesi zinkangochita dzimbiri m'kachipinda kawo osadandaula, koma iyi inkalira dzuwa likamatuluka. Masiku oyambirira apolisi ankasinthana kukaidyetsa, ndipo ndinatopa ndi kuchotsa chisoso pa yunifolomu. Mayi aja ataona nthiti za ng'ombe yawo zayamba kuonekera anangoti, "Yayi," n'kutenga ntchitoyo okha. M'mawa uliwonse ankatsika ndi mtolo wa msipu pamutu ndi makoko a nthochi m'thumba. Ankakoleza kamoto ka ndowe zouma kuti utsi uthamangitse ntchentche, n'kumayankhula nayo ng'ombeyo pang'onopang'ono akuichotsa nkhupakupa. Akamaliza ankafuna mthunzi ndi madzi akumwa, ndipo khonde lapafupi linali langa.

Ankanditcha "mkazi wa boma". Akafika ankati, "Monire, mkazi wa boma! Mkaidi wanu wagona uli?" Ine ndinkayankha kuti mkaidi wadya kuposa apolisi, tonse n'kuseka. Ndi iwo anandiphunzitsa Chitumbuka, mondinyoza ndithu, chifukwa lilime langa la ku Dedza linkapunthwa pa mawu alionse. Ataona ndikuphika nthochi zosapsa ngati mbatata anagwira pakamwa, n'kundilanda mpeni. Anandionetsa kuphika mbalagha, kuti nthochi zimalowa nyama itafewa kale, ndi kuti munthu sazitakasa ngati phala. Tsiku lina anandigwira mkono kupita nane pamjigo, n'kuuza amayi aja zinazake mwachangu. Sindinamve zonse, koma kuyambira tsikulo nkhani sizinkaimanso ndikafika.

Patapita miyezi tinazindikira kuti ng'ombe ija inabedwa ili ndi bere. Inabereka m'mawa wina wa mwezi wozizira, apolisi ataizungulira manja ali m'chiuno, mayi aja akuwalamula ngati ana awo. Kenaka panabuka mtsutso umene mpaka lero ndikaukumbukira ndimaseka ndekha. Kodi thole, mwana wa ng'ombeyo, nalonso ndi ekizibiti? Wapolisi wina anati ayi, chifukwa silinabedwe. Mnzake anati linabedwa ndithu, linali m'mimba. Bwana wamkulu wa pamalopo anakanda m'mutu, n'kugamula kuti thole ndi mfulu, mwini wake akhoza kulitenga tsiku lomwelo.

Mayi aja anamuyang'ana bwanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bwana, imwe munayamwa kwa amama anu?"

"Ndinayamwa, amama."

"Ipo lekani nayenso ayamwe."

Thole linatsala, ndipo mkaka unabwera. Mayi aja ankakamira m'chiguli, wina n'kuusiya kuti ugone ukhale chambiko. Mwana wanga, amene ankadwaladwala chifikireni, ananenepa mpaka masaya kugwa. Amuna anga sanafunse ngati chambiko ndi ekizibiti. Ankangonyambita supuni n'kuyang'ana kumbali. Ndimawasowa masiku amenewo, ndinene mosabisa. Fungo la utsi wa ndowe, thole likudumphadumpha pakati pa njinga za apolisi, mayi aja atatambasula miyendo pamphasa yanga akundiuza amene wakwatira ndi amene wathawa banja. M'nyumba zonse zimene boma linatipatsa, imeneyo ndi imene ndimaitcha kwathu.

Koma mayiwo sankaseka nthawi zonse. Tsiku lina akupukuta chiguli anandiuza chimene chinkawadya mumtima. Amuna awo akumwalira anawapempha chinthu chimodzi, kuti khola limene anamanga ndi manja awo lisadzakhale lopanda ng'ombe. "Sono pita ukaone, mwana wane," anatero. "Mwamera bonongwe. Ndikadutsa pamanda pawo ndimayang'ana kumbali." Chimene ankafuna chinali chakuti aione ng'ombe ija ikulowa pachipata cha khola lake iwo akadali ndi maso.

Mvula itabwera, mtsinje wa pakati pa mudzi wawo ndi polisi unkadzaza, koma iwo ankawolokabe, madzi m'chiuno, mtolo pamutu. Anayamba kutsokomola. Kenaka ankafika dzuwa litakwera, n'kukhala pansi asanamasule msipu. Kenaka m'malo mwawo munayamba kubwera mwana wawo wamkazi, mayi wofatsa amene ankangoti, "Amama ali chigonere."

Apa ndipo ndinayambana ndi amuna anga, mkangano waukulu kuposa yonse ya m'banja mwathu.

"Bambo, kamasuleni chingwe chija basi. Mukuopa chiyani?"

"Mayi, ndikamasula lero, mawa ntchito ndilibe. Ndipo munthu uja akadzagwidwa, tidzaonetsa chiyani kukhoti?"

"Mudzaonetsa manda a amama aja!"

Ndinawamana chakudya tsiku limenelo, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Koma ndiwachitire chilungamo: anayesetsa. Anapita ku boma kangapo, pa matola, kukapempha kuti ng'ombe ibwezedwe. Uku ankawauza kuti adikire woweruza, uko kuti adikire wozenga mlandu, kwina kuti adikire wakuba. Palibe amene anali wankhanza. Aliyense ankangoti lamulo silikumupatsa mphamvu, ndipo amuna anga ankabwera madzulo nkhope itagwa, fumbi lili m'tsitsi.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi anavula jekete n'kunena mokweza, kuti wapolisi amene anali pa ntchito amve, "Msipu watha kuno. Ndikukaidyetsa kumtunda ng'ombeyi." Wapolisi uja anayang'ana mtengo wa mango ngati akuwerenga masamba. Ndinabereka mwana n'kuwatsatira, thole likuthamanga patsogolo. Linali litakula ndithu, likudya udzu lokha.

Titawoloka mtsinje, ng'ombe ija sinafunenso wolondolera. Inakoka chingwe, amuna anga akuchita kuthamanga pambuyo pake, mpaka pachipata cha khola. Anthu a m'mudzi anatuluka m'nyumba. Mayi aja anawanyamula pamphasa n'kuwaika pakhomo, atatsamira mwana wawo. Anali atatha, manja ngati timitengo. Anaiitana ndi dzina lija, mawu osamveka bwino, ng'ombe n'kutembenuka, n'kulira. Inadya bonongwe yense wa m'kholamo iwo akuonerera, ndipo masana onsewo sanalole kuti awalowetse m'nyumba.

Dzuwa litapendeka amuna anga anaimirira, n'kukhalanso, n'kuimiriranso. Mayi aja ndi amene anawathandiza.

"Yewo chomene, mwana wane. Itengeni, boma lingakukalipireni. Kweni thole ndi mfulu, asi? Bwana ananena yekha."

"Ndi mfulu, amama."

"Ipo ligone muno."

Tinatseka chipata thole lili mkati. Linalira, make akulira, mpaka tinawoloka mtsinje tikulimvabe. Amuna anga ankakoka chingwe osacheuka, ndipo ndinaona kuti akupukuta m'maso ndi phewa. Mkwiyo wanga wonse unathera panjira imeneyo.

Mayi aja anamwalira mvula isanathe. Chilolezo chobweza ng'ombe chinafika pamanda pawo patamera kale udzu. Amuna anga anaiperekeza okha, atavala yunifolomu yonse. Anandiuza kuti itafika sinapite kukhola. Inakaima pakhomo paja pamene panali mphasa, n'kumalira kuyang'ana m'nyumba. Iwo anavula chipewa n'kuima nayo. Anagwira ntchito ya upolisi mpaka kupuma, anagwira akuba ambiri, koma chambiko sanachidyenso.

Ndiye pa wailesi paja atatchula nambala yoti anthu aimbe, ndinapukuta manja pachitenje n'kuimba. Foni inalowa pulogalamu ikutha. Wowulutsa anati, "Mwachidule, amayi, nthawi yatithera." Ndinali ndi zambiri, za utsi, za mtsinje, za thole lolira m'khola. Koma ndinangoti, "Apolisi apatseni mphamvu zofufuzira, ndi ntchito yawo. Koma muwapatsenso mphamvu yomasula chingwe mwini wake akadali moyo."