Nandolo wa pamalire

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anga anasiya kulankhulana ndi mng'ono wawo, a Felesiya, chifukwa cha mizere itatu ya m'munda. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala kufupi ndi Mbulumbuzi. Awiriwo anagawana pakati munda wa malemu mayi awo, ndipo malire anali mzere wa nandolo. Koma chaka chilichonse amayi ankasendeza nandoloyo ndi mzere umodzi. Ndinkadziwa bwino, pakuti woponya mbewu m'mapando ndinali ine.

A Mukhiwa, mkulu wa mpingo wathu, anawaitana Lachinayi masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi kuti awayanjanitse, ndipo inenso ndinalipo. Tsiku lomwelo kunali mlendo, mayi wa ku yunivesite amene ankafufuza mmene anthu akumudzi amathetsera mikangano. Anaika kawailesi kojambulira mawu pamkeka, kakuyaka kanyali kofiira.

Kwathu mlendo saonetsedwa ndewu. Azimayi amene dzulo lake ankalozana ndi makasu anakhala mwaulemu, maso pansi, akumayankha monong'ona. Kenaka a Mukhiwa anatembenukira kwa ine.

"Mwanawe, paja umadzala ndi mayi ako. Nandolo ali pamene anali?"

Ndinayang'ana amayi, ndinayang'ana kanyali kaja. Kodi ndikanawavula amayi anga pamaso pa mlendo, mawu anga n'kupita nawo ku tauni?

"Ali pomwepo," ndinatero.

A Felesiya anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ngati mwana watero, basi, achemwali. Wamisala ndine."

Anagwirana chanza, tinapemphera, awiriwo anamwera thobwa m'chikho chimodzi. Mlendo uja analemba mofulumira m'kope mwake, nati anthu athu ali ndi mphatso yokhululukirana.

Sabata yotsatira a Felesiya sanabwere ku mgonero, ndipo sanabwerenso. Mwana wawo Esinati, amene ndinkagona naye mphasa imodzi, anayamba kupita kusukulu kudzera njira ya kudambo kuti asadutse pathu. Amayi atamwalira, a Felesiya anabwera, anatunga madzi, anaphikira anthu, koma m'nyumba ya siwa sanalowe.

Tsopano mpingo unanditumiza kukaphunzira za kuyanjanitsa anthu kudzera pa intaneti. Ndimakhala pa kompyuta ya kusitolo ina ku Limbe, mphunzitsi ali kutali, akufotokoza kuti mbali zonse zilankhule, zimvane, zigwirane chanza. Ndimalemba zonse mokhulupirika. Koma mumtima ndimangoganiza kuti kwinakwake m'kabati muli kaseti ya mawu anga, ndipo mwina ophunzira anaimverapo ngati chitsanzo cha mtendere.

Chaka chatha ndinapita kwa a Felesiya kukaulula. Ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde, maso atachita khungu.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero, osasiya kusenda. "Amene ndinkadikira kuti anene ndi mayi ako."

Ndimakhulupirira kuti Ambuye anandikhululukira umboni wonama uja, pakuti chifundo chawo n'chachikulu kuposa tchimo langa. Koma ndazindikira kuti tsiku lija tinaphimba chilonda chisanatsukidwe, tikuimba za mtendere pamene mtendere panalibe. Pali nthawi yonena zoona, ndipo ikadutsa, amene anayenera kupepesa amakhala ali kumanda. Amene akulima munda uja ndi adzukulu, osapatsana moni, ndipo nandolo akadali pamene ndinamuponya ine.