Madzi Pakhomo la Sikelo

Ku sikelo ya ana aliyense amawatchula kuti Amayi a Chikolopa. Anayamba kukolopa pachipatalapo tsitsi likadali bii, lero lachita mbuu. M'mawa uliwonse, anamwino asanayambe kuyeza ana, amatsamiritsa chikolopa kukhoma, n'kuima kutsogolo kwa mabenchi kuti apereke mawu a tsikulo. Satalikitsa.

"Ndikalalikira ngati abusa, thovu lindithera m'ndowamu," amatero, azimayi n'kuseka.

Tsiku lina mawu awo anali akuti: "Lero musanayang'ane mwana wa mnzanu, yambani mwayang'ana nkhope ya amake. Mulungu amayambira pamenepo."

Apa n'kuti ataona kale mtsikana wina kumapeto kwa benchi, atafunditsa khanda lake mpaka kumutu chikhalirecho kunkatentha. Kamwendo kamene kanatulukira kunsi kwa nsalu kanali kowonda ngati chala. Pa sikelo mwana amavulidwa anthu onse akuona. Mzere utayamba kuyenda, azimayi awiri anakodolana n'kunong'onezana, ndipo mtsikanayo ananyamuka mwakachetechete kulowera kukhomo. Amayi a Chikolopa anawaonapo ambiri otere: akatuluka sabweranso.

Sanamuitane. Anangonyamula ndowa n'kukhuthula madzi pakhomo penipeni.

"Pepa mwanawe, panyowa. Ungaterereke ndi mwana. Dikira paume kaye."

"Ndingolumpha, amayi."

"Ulumphe, undisiyire mapazi ine ndikukolopa? Khala apo."

Mtsikanayo anakhala pakabenchi ka pafupi ndi khomo. Iwo ankakolopa pang'onopang'ono, malo omweomwewo, osafunsa kanthu. Patapita kanthawi anayamba yekha kuyankhula, maso ali pansi.

"Mkaka sukutuluka. Akandikalipira pa anthu."

"Wanga woyamba analinso chonchi. Lero ndi chimunthu, polowa m'nyumba amachita kuwerama. Tiye, nsalu ndikugwirira ine."

Anapita limodzi pa sikelo. Mayiwo anatambasula nsaluyo ngati katani, n'kufulatira mabenchi, namwino akuyeza mwanayo. Namwino sanakalipe. Anangomugwira paphewa mtsikanayo n'kulowa naye m'chipinda cha adokotala.

Amayi a Chikolopa atabwerera, anapeza pakhomo pali matope okhaokha, anthu atapondaponda, mlonda ataima manja ali m'chiuno.

"Kodi wathira madzi apa ndani?"

"Nkhalamba ina yosasamala, achimwene," anayankha, n'kufinya chikolopa kuyambiranso.